Miyezi 11 ku The Villages: mudzi wa Julayi ndi wina, wa Febuluwale ndi wina

Mu Ogasiti chaka chatha, titangotha miyezi itatu m'nyumba yathu yatsopano ku The Villages, m'chigawo cha Florida ku America, ndinalemba mawu oyamikira malo ano. Ndinanena kuti ndi aukhondo, kuti usiku kumakhala zii, ndiponso kuti ndikafuna kusambira ndimangotenga thaulo n'kupita, dziwe lonse n'kukhala langa ndi amayi ena awiri kapena atatu. Ndinanenanso kuti abambo akunyumba apeza chochita, chifukwa gofu amene kale ankangoonera pa TV tsopano akusewera katatu pa sabata. Zonsezo zinali zoona ndipo sindikubweza mawu. Koma anzanga angapo a mumzinda wa South Bend ku Indiana, amene tinkagwira limodzi ntchito ya unamwino, atawerenga zija anayamba kufunsa mitengo ya nyumba, ndiye ndikuona kuti ndili nawo ngongole. Ndinawafotokozera mudzi wa nyengo yotentha. Tsopano ndadutsa Januwale, Febuluwale ndi Malichi, ndipo pamalo omwewa ndaona mudzi wina.

Kwa amene simukuwadziwa malowa, The Villages ndi tauni ya anthu opuma pantchito, chapakati pa Florida, kum'mwera kwa Ocala, ulendo wa ola limodzi kapena kuposerapo pang'ono kuchokera ku Orlando. Inatambalala m'maboma atatu, Sumter, Lake ndi Marion. Nyumba zambiri ziyenera kukhala ndi munthu wa zaka 55 kapena kuposa, ndipo mwana wosakwana zaka 19 saloledwa kukhazikika; amangobwera kudzacheza, masiku osapitirira 30 pachaka. Chiyambi chake chinali chochepa. M'zaka za m'ma 1970 panali kamalo kotchedwa Orange Blossom Gardens, ka tinyumba tochita kukoka ndi galimoto, ka a Harold Schwartz. Mwana wawo, a Gary Morse, analowa m'bizinesiyo mu 1983, ndipo dzina loti The Villages linabwera mu 1992. Chiyambireni tauniyi sinasiye kukula. Boma la Sumter, kumene kuli nyumba zambiri, linali ndi anthu 93,420 pa kalembera wa 2010, ndipo pofika 2020 anali 129,752. Palibe dera lina la tauni m'dziko lonse la America limene linakula mofulumira chonchi pa zaka 10 zimenezo.

Manambala amenewa ndinali nditawaona tisanagule. Chimene sindinachiganizire n'chakuti kalembera amawerenga munthu kumene amagona miyezi yambiri pachaka. Wa ku Michigan amene amabwera kuno miyezi itatu amalembedwa ku Michigan. Ndiye khamu limene limadzaza misewu mu Febuluwale, ambiri mwa iwo mulibe m'manambalamo.

Kuno amawatchula kuti snowbirds, kutanthauza mbalame zothawa chisanu. Amachokera ku Michigan, Ohio, New York, Pennsylvania, ena ku Ontario m'dziko la Canada. Chimene amathawa ndimachidziwa bwino. Ndakhala zaka 26 ku Indiana, ndikudzuka 5 koloko m'mawa kupala madzi oundana pagalasi la galimoto kuti ndikafike kuwodi, sinowo yochokera ku nyanja ya Michigan itakwirira msewu wonse. Januwale wa kuno m'mawa kumazizira ngati Juni wa ku Dedza, koma dzuwa likakwera kumafunda mpaka cha m'ma madigiri 20 ndipo umavula juzi. Ndani sangabwere?

Anayamba kufika mmodzimmodzi, ngati madontho a mvula yoyamba. Chakumapeto kwa Okutobala ndinayamba kuona malole onyamula galimoto akutsitsa katundu wawo m'mphepete mwa msewu. Nyumba yoyang'anizana ndi yathu, imene makatani ake anali chitsekere kuyambira tsiku limene tinafika, m'mawa wina garaja yake inali yotsegula, bambo wachikulire akupopa matayala a njinga. Pa mzere wathu pali nyumba 14, ndipo zisanu zinali zotseka nyengo yonse yotentha. Pofika sabata yachiwiri ya Januwale zonse zinali ndi anthu, ziwiri mwa izo muli a lendi amene anabwera kudzangokhala mpaka Malichi.

Kumene ndinadziwira kuti zinthu zasintha ndi ku Lake Sumter Landing. Tauniyi ili ndi mabwalo ake: Spanish Springs ndilo lakale, la 1994, kenako Lake Sumter Landing la 2004, ndi Brownwood la 2012. Madzulo aliwonse pamakhala gulu loimba, m'nyengo yozizira kuyambira 5 koloko mpaka 9 koloko, ndipo salipiritsa. Mu Julayi tinkafika cha m'ma 6, kuimika kagalimoto kathu ka gofu pafupi penipeni, kukoka mipando iwiri, ndipo abambo ankandinyamutsa kuti tivine nyimbo imodzi kapena ziwiri. Lachisanu lina mu Januwale tinanyamuka 5 koloko itangokwana. Tinazungulira bwalo katatu. Tigalimoto tinali ndandanda mbali zonse ziwiri za msewu, tothithikana moti munthu sakanatha kudutsa pakati. Tinakaimika kutali, ndipo abambo, amene bondo lawo lamanzere linachitidwa opaleshoni, anayenda pang'onopang'ono atagwira phewa langa. Pofika tinapeza mipando yonse ili ndi eni ake. Pa ina panalibe munthu, koma panali juzi, chipewa, kapena botolo la madzi, chizindikiro choti mwini wake anafika masana. Tinaima kuseri kwa mtengo nyimbo ziwiri. Kenako anandiyang'ana n'kunena kuti, "Mayi, tiyeni tizipita, mwendowu wakana." Tinabwerera osavina, ndipo panjira palibe amene anayankhula.

Mabwalowa si a okhala kuno okha. Wa m'matauni oyandikana nafe monga Leesburg ndi Lady Lake, mlendo wongodutsa, aliyense akhoza kubwera. Ngakhale zipata za m'misewu yolowera kunyumba sizitsekera munthu kunja, chifukwa misewuyo ndi ya aliyense. Mlendo amangodina batani lofiira, mtengo n'kukwera.

Kagalimoto ka gofu ndiye miyendo ya kuno. Timapita nako kusitolo, kutchalitchi, kwa dokotala, ndipo kali ndi tinjira take tautali woposa makilomita 160, tina todutsa m'ngalande pansi pa misewu ikuluikulu monga Morse Boulevard ndi Buena Vista Boulevard. Sikayenera kuthamanga kupitirira makilomita 32 pa ola. Tinjira timeneti timagawana ndi apanjinga ndi oyenda pansi, ndipo nyengo yotentha zimenezi sizivuta konse. M'nyengo ya khamu mumalowa anthu amene angobwereka kagalimoto dzulo lake ndipo sakudziwa kuti polowa m'ngalande uyenera kuchepetsa liwiro ndi kukhala mbali yako. Tsiku lina ndikutuluka m'ngalande ndinangoona kagalimoto kali kutsogolo kwanga, kakubwera mbali yanga, woyendetsa akuyang'ana mapu pafoni. Ndinaponda mabuleki mpaka mazira amene ndinagula anagwa pansi. Sitinagundane, koma manja anga ananjenjemera mpaka kunyumba. Pa maraundabauti ndiye nkhani ina: ali ndi mizere iwiri, ndipo wosazolowera amakhotera kunja ali mumzere wamkati, kudula amene ali pambali pake. Ndaphunzira kusayenda moyandikana ndi galimoto ina iliyonse m'menemo.

Za malo odyera sindichulutsa. Ukafika 6 koloko amakuuza kuti udikire ola. Kusitolo poimika galimoto pamasowa. Wometa abambo, amene mu Sepitembala ankangowalandira, anayamba kufuna kuti azibukitsa sabata imodzi nthawi isanakwane. Mabwalo a gofu alipo oposa 50, koma nthawi yosewera imagawidwa ndi kompyuta, imene imayamba yapatsa amene asewera kochepa masiku apitawa. Njirayo ndi yachilungamo, sindiitsutsa, koma abambo anatsika kuchoka pa katatu kufika pa kamodzi pa sabata, ndipo nthawi zina ankapatsidwa m'mamawa kwambiri, udzu ukadali ndi mame ozizira, ku bwalo lakutali.

Chimene chinandipweteka ine ndi mafizo a m'madzi. Msana wanga unatha ndi kunyamula odwala, ndipo mafizo amenewa ndiwo mankhwala anga enieni. Dziwe lili ndi malire a anthu amene angalowe nthawi imodzi. Mu Julayi ndinkafika patatsala mphindi zisanu. Mu Febuluwale ndinafika patatsala mphindi 20 n'kupeza mzere wa amayi atavala mikanjo yosambira, ziphaso m'manja, ngati pachigayo madzulo a Loweruka. Atafika pa mayi amene anali patsogolo panga, anati malo atha. Ndinabwerera ndi thaulo louma. Mawa lake ndinatchera alamu.

Alamu imeneyo ndiyo nkhani yonse. Zaka zonse za ntchito moyo wanga unkayendera ndandanda wa mashifiti wopachikidwa pakhoma, ndipo tsiku limene ndinapuma ndinadziuza kuti wotchi sidzandilamulanso. Chimene tinagula kuno si nyumba yokha, ndi ufulu wongodzuka n'kunena kuti lero tipite kwakuti. Miyezi itatu imeneyi ufulu umenewo unachoka. Zonse zinalipo, dziwe, gofu, nyimbo, magulu osiyanasiyana oposa 2,000, koma chilichonse chinafuna kuwerengera nthawi, kubukitsa, kulawirira, kupikisana ndi anzako. Munthu ukhoza kuzolowera, koma si zimene ndinawauza anzanga mu Ogasiti.

Zonsezi n'zopiririka. Chimene chinandiopsa ndi chipatala.

Usiku wina chapakati pa Febuluwale abambo anandidzutsa. "Mayi, mtimawu ukugunda mwachilendo." Ndinagwira dzanja lawo n'kuwerenga, ndipo ndinamva kuti ukudumphadumpha, wopanda dongosolo. Sindinadikire kuti kuche. Kuchipatala anawayeza mtima ndi makina pasanathe mphindi 10, monga ziyenera kukhalira, ndipo anawapatsa mankhwala. Pamenepo ndilibe dandaulo. Koma zitatero tinakhala m'khonde maola 7 kudikira bedi. Mabedi oyenda anali ndandanda m'mbali mwa khoma, pa lililonse pali gogo, ena akutsokomola, ena atagwa kubafa, wina akuitana dzina la mkazi wake mobwerezabwereza. Ndinkayang'ana anamwino ndipo ndinkadziwa chimene chili m'mitu mwawo, chifukwa nkhope imeneyo ndinaivalapo. Mtsikana amene ankatisamalira anandiuza kuti si wa kuno, anabwera pa kontirakiti ya masabata 13 ndipo Epulo akafika apita kwina. Cha m'ma 4 koloko m'mawa anandibweretsera bulangete popanda kumupempha. Ndinamugwira dzanja n'kumuuza kuti, "Mwanangu, khala pansi pang'ono umwe madzi." Anangomwetulira n'kuthamangira belu lina.

Potuluka anatiuza kuti tikaonane ndi dokotala wa mtima posachedwa. Nditaimba foni, tsiku loyamba limene linalipo linali patatha masabata 6. Ndinaimbanso kwina kawiri, yankho linali lofanana. Masabata amenewo ndinakhala namwino wa m'nyumba mwanga, kuyeza BP m'mawa ndi madzulo, kulemba m'kope, kugona khutu limodzi lili maso. Ndinakwanitsa chifukwa ndi ntchito yanga. Ndimaganiza za amayi amene amuna awo anali pa mabedi ena aja, amene sadziwa kuwerenga kugunda kwa mtima.

Chifukwa chake sichovuta kuchimvetsa. Boma la Sumter lili ndi anthu achikulire kuposa boma lina lililonse ku America. Theka la anthu ake ndi a zaka za m'ma 68 kupita m'tsogolo. Khamu la alendo limafika nthawi yomweyo imene chimfine chimavuta kwambiri, kuyambira Disembala mpaka Febuluwale. Pa 1 Januwale ndi pamene mapulani atsopano a Medicare, inshuwalansi ya zaumoyo ya anthu achikulire, amayamba, ndiye ambiri amakhala akusintha madokotala nthawi imodzi. Ndipo kumanga nyumba ya chipatala n'kwapafupi kusiyana ndi kupeza madokotala ndi anamwino oti azigwiramo, makamaka kumalo kumene ntchito imasefukira miyezi itatu kenako n'kuphwa. Antchito ambiri sangakhale m'kati muno chifukwa cha zaka zawo ndi ana awo. Amachokera ku Wildwood, ku Leesburg, ku Ocala, m'misewu yomweyo yodzaza. Kum'mwera amanga dera lotchedwa Middleton la mabanja a zaka zilizonse, ndipo ndikuona kuti ndi nzeru yabwino, koma mzere wa kwa dokotala wa mtima sunafupike chaka chino.

Ndivomere kuti sabata imeneyo mtima wanga unadzaza mkwiyo ndi alendowa. Ndinayamba kuyankhula ngati anzanga ena okhazikika, amene amawerenga masiku kuti Isitala ifika liti. Ndinkadzitonthoza ndi mawu akwathu akuti mlendo ndi mame. Koma amene anandichotsa maganizo amenewo ndi aneba athu omwe a nyumba yoyang'anizana nafe. Ataona kuti garaja yathu yakhala yotseka masiku awiri, amayiwo anabwera ndi mphika wa supu, ndipo amuna awo anadzipereka kukatenga mankhwala ku famase. Tikucheza pakhonde ndinadandaula za khamu, osaganiza kuti ndikuyankhula ndi mmodzi wa iwo. Sanakhumudwe. Anandiuza mofatsa kuti iwo akhala akubwera zaka 12, ndipo pamene ankayamba, kum'mwera kwa msewu wa State Road 44 kunali madambo odyetsera ng'ombe. Sanawonjezere kanthu, koma ndinamva. Amene abwera posachedwa ndife. Kukula kumene ndikudandaula nako, ife tili m'kati mwake.

Palinso nkhani ya ndalama imene okhazikika sitikonda kuitchula. Nyumba iliyonse imalipira pafupifupi madola 200 pamwezi a maiwe, mabwalo ndi nyumba zochezeramo, kaya muli munthu kaya mulibe. Aneba athuwo amalipira miyezi 12 n'kugwiritsa ntchito isanu. Dziwe lopanda anthu limene ndinkalitama mu Julayi, mbali ina analipira ndi iwo.

Kum'mwerako ntchito yomanga ikupitirira. Nyumba zadutsa State Road 44, zadutsanso msewu waukulu wa Florida's Turnpike, ndipo pali milatho ya tigalimoto ta gofu yolumikiza mbali zakale ndi zatsopano. Tinapitako tsiku lina kukangoona. Kumene kunali dothi lofukulidwa mu Novembala, mu Malichi kunali madenga ndi kapinga. Maiwe ndi mabwalo a gofu amamangidwa pamodzi ndi nyumbazo, zimenezo ndaona ndi maso. Koma watsopano aliyense amafunabe kudzaona mabwalo akale, amayenda m'misewu yomweyo, ndipo akadwala amalowa pamzere womwewo. Mmene ndikuonera, Febuluwale wa chaka chamawa sadzakhala wopepuka kuposa wa chaka chino.

Mu Malichi, sukulu zitatsekera tchuthi cha sabata imodzi, adzukulu athu atatu anabwera kuchokera ku Indiana. Si ife tokha amene tinalandira. Agogo a mzere wonse anali ndi ana. Maiwe ambiri a kuno ndi a akuluakulu okha, ndiye ana onse anakathithikana ku maiwe a mabanja, mpaka posowa poyala thaulo. Koma khamu limenelo sindinadandaule nalo. Miyezi 10 ndinali ndisanamve mwana akulira kapena akuseka panja pa nyumba yanga. Dzina la tauniyi limatanthauza midzi, koma kwathu ku Ntcheu mudzi umadziwika ndi phokoso la ana ndi utsi wa madzulo, ndipo gogo amakalamba adzukulu ali pamiyendo. Kamdzukulu kanga kakang'ono kanandifunsa kuti, "Agogo, ana a kuno amakhala kuti?" Ndinalibe yankho labwino. Atapita, bata limene ndinkalitama lija linandilemera masiku angapo.

Tasintha zina ndi zina. Kusitolo ndimapita 7 koloko m'mawa. Kubwalo la nyimbo timapita Lolemba kapena Lachiwiri, ndi mipando yathu yopinda kumbuyo kwa kagalimoto. Masiku okaonana ndi madokotala a chaka chonse ndawabukitsiratu, ndipo zoyeza zimene zingadikire ndaziika mu Meyi ndi mu Okutobala. Kudya kunja tinasiya miyezi itatu yonse. M'malo mwake Lamlungu lina ndinaphika nsima, nkhuku ndi masamba otendera, tinaika mipando pakhomo la garaja, ndipo aneba 9 anabwera, okhazikika ndi alendo omwe. Amayi a supu aja anaphunzira kutema mbamu ndi dzanja. Madzulo amenewo anandikomera kuposa madzulo onse a kubwalo.

Kwa inu anzanga amene mukufunsa mitengo: musagule mutangoona malo ano mu Juni kapena mu Sepitembala ngati mmene tinachitira ife. Chitani lendi mu Febuluwale. Mtengo wake umakhala kawiri kapena kuposa wa nyengo yotentha, ndipo eni nyumba ambiri amafuna kuti mutenge miyezi itatu yonse, koma ndalama imeneyo ndi yochepa poyerekeza ndi ya nyumba. Muli pano, yendetsani kagalimoto 5 koloko madzulo. Imbani foni kwa dokotala wa matenda amene muli nawo, kaya ndi shuga, kaya mtima, kaya impso, mufunse kuti wodwala watsopano angaonedwe liti. Ngati mmodzi wa inu ali ndi matenda ofuna katswiri pafupipafupi, yankho la foni imeneyo lilemere kuposa kukongola kwa khitchini. Ndipo kumbukirani kuti miyezi ya bata ndi yomweyonso ya kutentha kopitirira madigiri 32, ya mabingu a masana aliwonse, ndi ya mphepo zamkuntho kuyambira Juni mpaka Novembala.

Ife sitikugulitsa. Tinakambirana usiku wina abambo atachira, ndipo iwo anati bondo lawo silingabwererenso ku sinowo. Ine ndinagwirizana nawo, ngakhale ndinawauza kuti Febuluwale akubwerayu nambala ya dokotala ikhala pachitseko cha firiji ndipo chikwama cha kuchipatala chikhala chopakiratu.

Dokotala wa mtima tinamuona sabata yatha. Anawerenga kope langa tsamba ndi tsamba, anasintha mankhwala amodzi, n'kutiuza kuti tibwerenso mu Julayi, ndipo kalaliki anatifunsa kuti tikufuna tsiku liti. Loweruka lole inabwera kudzanyamula galimoto ya aneba athu. Amayiwo anawoloka msewu, anandipatsa kiyi wa nyumba yawo kuti ndizikatsegula mipope kamodzi pa sabata, ndi mphika wa maluwa umene sakanatha kupita nawo. Tinakumbatirana, ndipo ndinawauza kuti ayende bwino, tidzaonane mu Okutobala. Lachiwiri ndinapita ku mafizo a m'madzi patatsala mphindi zisanu. Tinalipo anthu 11.